Lipisitiki pa Nthenga za Muvi

Kunyumba kwa achimwene anga a Elwood Yeakel, kuno kumapiri a Pennsylvania, kuli chipupa chimodzi chomwe alendo amaimapo nthawi yaitali kuposa pa zithunzi za ukwati. Ndi chipupa cha m'shedi, kanyumba kosungiramo zida, chodzaza ndi tizigamba ta malaya tokhomedwa ndi misomali, kalikonse ndi dzina ndi chaka chake. Mwambo wake ngosavuta. Ukaponya muvi pa mbawala n'kuphonya, pobwera kunyumba timakudula mchira wa malaya, kumbuyo kuja kopisira m'thalauza, n'kuukhoma pamenepo kuti adzukulu adzawerenge. Sizasi yake ndimasunga ndine Verna, mlongo wawo. Sukulu ndinalekezera panjira, koma kudula ndimadula mowongoka.

Chaka chomwe ndikunenachi, maondo a achimwene anakana ntchito. Zaka makumi anayi anakhala akukwera pansanja yawo ya mumtengo wa thundu, kumtsinje, pomwe mbawala zimadutsa pansi mondondozana ngati zikupita kutchalitchi. Pamenepo m'pomwe pankadutsanso chimbawala chachimuna cha nyanga za mphandamphanda chomwe tinachitcha Phungu, poti chinkaoneka kamodzi pachaka, masankho athu a chaka ndi chaka akayandikira.

Lamulungu lina tikudya payi, keke ya maapozi m'kati, achimwene anagogoda mbale ndi foloko.

"Nsanja ija ndikupereka kwa mkamwini wanga Curtis. Loweruka lotsegulira ulenje akwere. Akalasa, ndi yake mpaka kufa. Akaphonya, mchira kuchipupa, nsanja kwa wina."

Mwana wawo Lorna, mkazi wa Curtis, anaika kapu ya khofi pansi pang'onopang'ono. Mtsikana ameneyu anayamba kukoka uta mano a mkaka asanathe kuguluka, ndipo dzina lake pachipupa paja palibe.

"Nanga ine, bambo?"

"Iwe uli ndi ana oti uziwaona."

"Ana ake ati? Wamng'onoyo akumeta ndevu."

Achimwene anapempha kuti awonjezeredwe payi. Ndi m'mene amatsekera milandu.

Curtis naye anafufuma ngati buledi wa yisiti wambiri. Zaka makumi awiri ali pabanjapo, apongozi ake ankangomuika pansanja ya m'mbali mwa msewu, pomwe nyama yodutsa ndi wamakalata yekha. Munthuyu ngwabwino, sindikunama. Vuto lake ndi ntchito. Ndi woyang'anira pa fakitale ina ya makatoni m'tauni, ndipo kuyang'anirako kunamulowa m'magazi. Mpope ukamadontha kukhitchini, iye amaima, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Ndikuyang'anira." Denga la galaja analiyang'anira zaka zitatu mpaka linatsika lokha kudzamupatsa moni.

Lolemba Curtis anatenga uta wake ulendo kwa Merle Hostetter, amene amagulitsa mauta ndi kunola macheka kuseri kwa positi ofesi. Lorna anapita naye.

Tsono uta wa masiku ano uli ndi kachinthu pakati pomwe muvi umagona usanaponyedwe. Ife timati mtsamiro. Wa Curtis unali wachikale uja, kamphete kozungulira ka ndevu zolimba ngati za burashi. Muvi umaulowetsa pakati, ndevu n'kuugwira mbali zonse. Kaya upendeke uta, kaya uyetsemule, muvi sugwa.

"A Merle, chotsani ndevu izi," anatero Curtis. "Nsanja ya kuthundu si yokwera ndi burashi ya nsapato."

"Yakulakwirani chiyani?" anafunsa Merle.

"Imakhula nthenga. Imachedwetsa muvi. Ndawerenga."

"Imachedwetsadi, a Curtis, koma pang'ono moti mbawala sinabwerepo kudzadandaula."

Maso a Curtis anali atagwera kale pa wina wonyezimira m'kabati ya galasi. Umenewo ndi mtsamiro wogwada. Uli ndi kamphanda kamene kamadzutsa muvi ukamakoka nsinga, ndipo ukangotaya, kamphandako kamagwada msanga kuti nthenga zidutse osakhudza kanthu. Chimene chimakadzutsa ndi kukagwaditsa ndi kachingwe komangirira ku nsinga za uta.

"Ameneyo ngwabwino, sindikana," anatero Merle. "Akatswiri amagwiritsa ameneyo. Koma ali ngati mpongozi, amafuna kumusamala. Kachingweka kakatalika kapena kufupika ngakhale pang'ono, amagwada mochedwa, nthenga n'kumenya mphanda. Musiyeni uta ndimange ndine. Mudzatenge Lachitatu."

"Ndimanga ndekha. Ndaonera pafoni."

"Wapafoniyo adzakwera nanu mumtengo?"

Curtis anaseka kuseka kwa kuofesi kuja, kopanda mano. Merle anapukusa mutu, namasula kamphete ka ndevu n'kukaika patebulo.

"Chabwino. Koma mukamanga, pakani lipisitiki m'mphepete mwa nthenga, muponye. Mukapeza kufiira pamphanda, dziwani kuti akuchedwa kugwada. Mubwere naye msanga."

Potuluka, Lorna anatola kamphete kaja n'kukaponya m'chikwama. Ka pa uta wa Lorna mwiniwake ndevu zinali zitasosoka ngati za mbuzi yokalamba.

Lachiwiri madzulo ndinawapeza kuseri kwa khola la achimwene, Curtis akulasa chimtolo cha udzu wouma. Muvi uliwonse ukamachoka unkamveka kuti tcha, n'kupita ukugwedeza mchira ngati galu woona mbuye wake. Wina unkagwa kumanzere, wina kumanja, wina unapita kukaona nkhuku.

"Ndi mphepo," anatero Curtis.

Masamba a mitengo anali zii.

"Azakhali, muli ndi lipisitiki?" anandifunsa Lorna. "Ine yanga njotuwa, sioneka."

Ndinatulutsa yanga ya Lamulungu, yofiira psuu, imene abusa amati ikaonekera pakhomo la tchalitchi amadziwa kuti nyimbo yoyamba ichedwa. Lorna anapaka nthenga zitatu za muvi womwe Curtis ankaukonda koposa, umene anaulemba nambala wani. Curtis anakoka, nataya. Tcha. Titayang'ana pamphanda, panali mzere wofiira ngati wina waupsompsona.

"Mwaona, a Curtis? Tiyeni kwa Merle mawa."

Curtis anawerama, manja kumbuyo, nayang'anitsitsa mzere uja nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa kabuku m'thumba n'kulembamo.

"Ndikuyang'anira."

"Bwerani ndipukute nthengazo," ndinatero ine.

"Ayi, azakhali, musapukute. Umenewo ndi umboni."

Lachitatu anaponyanso, kufiira kunawonjezeka, analemba. Lachinayi mfundo ya kachingwe inali itatsetsereka moti ngakhale ine wa maso a nkhungu ndinaona. Lorna anayesa njira ina.

"Ndikubwezereni ka ndevu kaja, kungoti Loweruka lidutse. Kogwadako mudzakaika bwino pambuyo."

"Kuti Merle akauze tauni yonse kuti zandikanika? Chinthu chatsopano chimafuna kuzolowera, mayi. Kufakitale makina atsopano timawapatsa masabata awiri."

"Phungu akupatsani masabata awiri?"

Achimwene anali atakhala pachitsa ndi ndodo yawo, akumva zonse. Munthu amene wasankha yekha mkamwini pamaso pa anthu sangabweze mawu, ndiye anangoti, "Mwamuna amadziwa uta wake." Ine ndinapita kunyumba kukanola sizasi.

Zomwe zinachitika mumtengo Loweruka m'mawa palibe anaziona, koma Curtis anadzaulula yekha pa Khirisimasi atalawa mowa wa maapozi wa achimwene, ndiye ndikuuzani monga anandiuzira, kuchotsako pomwe ankadzikometsa.

Anakwera kukucha, atavala malaya atsopano a mawangamawanga ogulira tsikulo. Chisanu chinali chitayera pa udzu. Dzuwa litangogunda nsonga za mitengo, anamva masamba ouma akulira. Zinadutsa zazikazi ziwiri, iye anazisiya. Kumbuyo kwake kunabwera Phungu mwini wake, khosi ngati mgolo, nyanga ngati mpando wogadabuzika, akutola nthangala za thundu mosathamanga. Anaima chopingasa, mapazi makumi awiri kuchokera pamtengo, malo oti ngakhale ine ndi nyamakazi yangayi ndikanamugenda ndi nsapato.

Curtis anayika nambala wani. Anakoka. Kamphanda kanadzuka theka, ngati munthu wopereka moni kwa amene sakumulemekeza. Anachiona, ndipo akuti mumtima ananena mawu ake aja. Anataya.

Mphanda sinagwade. Nthenga zinamenya chitsulo, imodzi inathothoka n'kubwerera kudzamuwomba padiso la kumanja. Muvi unapita chammbali n'kukazika pachitsa chowola. Phungu anadzutsa mutu, anayang'ana muvi, anayang'ana mumtengo, anatola nthangala ina imodzi, n'kuchokapo pang'onopang'ono ngati munthu amene mavoti awerengedwa kale.

Curtis anakhala mumtengomo mpaka masana, diso likutuluka misozi, mutu ukugwira ntchito. Mwambo umati wodulidwa ndi amene waponya n'kuphonya. Amene sanaponye alibe mlandu. Anatsika, anazula muvi uja n'kuukwirira m'masamba, napukuta mphanda ndi mpango mpaka inawala. Galasi loonera nkhope ndi lomwe analibe.

Anatipeza m'khitchini mwa achimwene tikudya supu ya nkhuku ndi chimanga.

"Zayenda bwanji, mkamwini?" anafunsa achimwene.

"Kunali zii, bambo. Ngakhale gologolo. Ndikwereranso madzulo."

"Mivi munatenga isanu," anatero Lorna. "Ndikuona inayi."

"Ndinatenga inayi."

"Nambala wani ali kuti?"

"Ndinamusiya m'galimoto. Akupuma."

Lorna anaimirira, namuzungulira mwamuna wake kamodzi. Anamugwira chibwano n'kutembenuzira nkhope yake kuwindo. Kuyambira pachikope mpaka patsaya panali mzere wofiira psuu, wonona bwino.

"A Curtis, ichi n'chiyani?"

"Chiyani?"

"Lipisitiki."

 Achimwene anasiya supuni ili m'malere.

"Ndiye tithandizane," anatero Lorna mofatsa, mawu ake aja a pamaliro. "Mwina nthenga ya muvi yakumenyani chifukwa mwaponya n'kuphonya. Mwina simunaponye, monga mwanenera, ndipo munali ndi mzimayi mumtengo wa bambo anga. Sankhani chimodzi. Zonse ziwiri zili ndi sizasi yake."

"Mtunduwo ndi wanga," ndinatero ine, "koma ndikulumbira pamaso pa achimwene kuti mumtengo ndinasiya kukwera kalekale."

Curtis anayang'ana mkazi wake, anayang'ana apongozi ake, anayang'ana chitseko. Apa sananene kuti akuyang'anira. Anatembenuka yekha, nasolola malaya m'thalauza, nawerama pang'ono. Uyo anagwada pa nthawi yake.

Ndinadula mowongoka, nsalu yatsopano ikulira bwino pasizasi. Achimwene anakhoma okha, ndipo pansi pa dzina ndi chaka ndinapsompsonapo kuti adzukulu asadzavutike kufunsa.

"Basi, nsanja kwa wina," anatero achimwene, akukanda mutu. "Ndiye ndani? Mwana wa msuweni wathu Lavern ali ku Ohio. Kapena Merle, ngakhale si wachibale..."

Ankalankhula ndi mpando. Lorna anali ali pakhomo akumanga zingwe za nsapato, uta uli pambali, kamphete ka ndevu kotayidwa kaja kali pa uta wakewo.

"Bambo, munati wina. Ine ndine wina."

"Nanga ana?"

"A Curtis awayang'anira."

Dzuwa lisanalowe tinamva hutala ya galimoto cha kumtsinje, chizindikiro choti Lorna walasa. Sanali Phungu. Ameneyo sanaonekenso chaka chimenecho, monga mwa khalidwe la aphungu. Inali yamphongo ina yonenepa ya nyanga za mphanda zisanu ndi imodzi, muvi umodzi kuseri kwa phewa. Amene anaikoka kuchoka kumtsinje mpaka pamsewu ndi Curtis, msana uli pamtunda pomwe panali mchira, chisanu chikumupatsa moni. Achimwene anaiyang'ana nyamayo mbali zonse kufuna chonena, ndipo atasowa anati, "Ndinamuphunzitsa ndine." Nsanja ya kuthundu ndi ya Lorna mpaka lero.

Lolemba Curtis anapita kwa Merle, diso lili biriwiri. Merle anamasula mfundo, anakoka kachingwe pang'ono, anamanganso, napsereza nsonga yake ndi machesi. Khofi yemwe Merle anathira Curtis akulowa anali asanazizire. Kuyambira tsikulo mtsamiro uja umagwada bwino kwambiri, ndipo Curtis amakwera nawo pansanja yake ya m'mbali mwa msewu, kumene wamakalata amamukwezera dzanja tsiku lililonse.

Mtsamirowo sunalakwe, ngakhale lipisitiki yanga sinanamepo. Chinthu chinaonetsa kufiira Lachiwiri, mwini wake n'kuchipatsa kabuku m'malo mwa kuchipatsa Merle. Ine kusukulu sindinakhalitse, koma izi akuluakulu anazinena kale popanda kabuku: muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.