Galimoto ya a Chigwenembe pa lata

A Chigwenembe, eni nyumba za lendi ku Chilobwe, atagula galimoto yoyendera magetsi ankaitchaja pa soketi ya Felesiya, yemwe ankachita lendi kuseri. Mayunitsi ankatha, filiji n'kuzima, mankhwala a mwana wake n'kufunda.

"Ukadandaula, usamuke," anatero a Chigwenembe.

Tsiku lina Felesiya anapaka penti lata lakale naliyala pabwalo.

"Bambo, mudakavutikabe ndi nthambo? Achimwene anditumizira ichi kuchokera ku Joni. Galimoto imangoima pamwamba, moto n'kulowa wokha. Kapena simunamvepo?"

"Ine osamvapo? Ndinazidziwa iwe usanabadwe!"

Anazula nthambo, naimika galimoto palatapo, n'kuitana anzawo kudzawafotokozera za sayansi.

Loweruka galimotoyo inanyamula mkwatibwi, ndipo inathima pakati pa msika. Mkwatibwi anakafika kutchalitchi pa kabaza.

A Chigwenembe anabwera akuwira, anzawo aja ali pambuyo.

"Iwe, chinthu chako chija ndi lata wamba!"

"Ndi lata, bambo? Inetu sindidziwa kanthu. Paja ndinu munafotokozera abwanawa mmene chimagwirira ntchito."

A Chigwenembe anayang'ana anzawo.

"Chimagwira," anatero. "Ndinangoimika mokhota."

Mpaka lero galimotoyo imagona palata, koma amakaitchaja mobisa kutauni. Filiji ya Felesiya sinazimenso.