Tsiku Limene Mvuu Anagwadira Nyerere

Kalekale... Aa, "tili tonse" wanjala ameneyo sindinamumve. Yankhani ngati anthu oti mwadya. Manja asaime, mtedzawu sudzisenda wokha. Nanunso amalume, senderani kuno, nkhaniyi ikukukhudzani.

Kalekale nyama za kudambo zinali ndi SACCO yawo, bungwe losungira ndi kubwereketsana. Ndalama kunalibe, zinkasunga mbewu. Wa mapira ankabweretsa mapira, wa nyemba nyemba, zonse m'nkhokwe imodzi pansi pa mkuyu. Mvula ikayandikira aliyense ankatenga zake, wosowa n'kubwereka. Lamulo lalikulu linali lakuti membala mmodzi, voti imodzi, kaya ndiwe njovu, kaya ndiwe nthata.

Wapampando anali Mvuu. Mukufunsa kuti anamusankha bwanji? Anagawa mabanzi pamsonkhano. Musaseke. Inenso chaka chatha ndinakweza dzanja pamsonkhano wa SACCO yathu banzi lili m'kamwa, ndipo mpaka lero sindikudziwa chimene ndinavomereza.

Mvuu anamanga kauntala yolingana ndi msinkhu wake, moti nyama zing'onozing'ono zinkangoyankhula ndi thabwa. Bokosi loponyamo madandaulo analisandutsa chopondapo mapazi. Ndipo mawu ake anali awiri okha: "Bwerani mawa."

Akabwera Gologolo, "Bwerani mawa." Akabwera Fulu, "Bwerani mawa." Mamembala anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Gologolo anayamba kukwirira mtedza wake pansi, n'kumaiwala pamene wakwirira.

Ndiye panali Nkhono, mayi wamasiye wa ana asanu ndi awiri. Iyeyu anasungitsa nthanga khumi za maungu. Mitambo inali itayamba kuda, ndipo akanapanda kubzala ndi mvula yoyamba, ana ake sakanalawa nkhwani chaka chimenecho. Ananyamuka Lolemba. Khwekhwerere, khwekhwerere, khwekhwerere. Anafika Lachitatu.

"Odi, a Wapampando!"

Mvuu anayang'ana uku, anayang'ana uko. "Ndani akulira ngati udzudzu?"

"Pansi pano, bambo. Ndine Nkhono. Ndadzatenga nthanga zanga."

Mvuu anameza zimene ankatafuna. "Bwerani mawa."

"Bambo, kwathu ndi ulendo wa masiku awiri. Ndikabwerera, mawa lindipeza m'njira."

"Ndiye bwerani mawa linalo."

Nkhono anati, "Zikomo kwambiri, bambo." Ife ndife otero, ana inu. Atipitikitse, ife kuthokoza. Ine ndinathokozapo munthu wonditsekera zenera pamphuno, ndi kunyonyomala komwe.

Koma Nkhono ali ndi mwayi umodzi umene ine ndilibe: nyumba amayenda nayo. Anangokwawira patsinde pa kauntala, n'kulowa m'chigoba, phee! Kutacha anatulutsa mutu.

"Odi, a Wapampando, mawa lija lafika."

"Bwerani mawa."

Analowanso m'nyumba.

Masana a tsiku limenelo panadutsa nyerere ina, dzina lake Nambewe, itasenza katundu woposa thupi lake. Inatula katunduyo pansi. Taonani, munthu ali pa ntchito, koma anatula.

"Mwaswera bwanji, amayi? Dzulo ndinakuonani pomwepa. Mwadya?"

Nkhono anapukusa nyanga. Nambewe anachoka, pakanthawi n'kubwera akukoka kachidutswa ka tsamba la bonongwe. Nkhono akudya anafunsa kuti, "Kodi inu achemwali, ndinu mamembala muno?"

"Ife? Tinabwerapo kudzalembetsa. A Wapampando anatipondera atatu, osationa n'komwe. Titafuna kudandaula, bokosi linali pansi pa phazi lomwelo."

"Kumudzi kwanu mulipo angati?"

"Sitinamalizepo kuwerenga. Tikafika pakati, ena abadwa."

Nkhono anangolowa m'chigoba kukaganiza.

Lachisanu kunatera Kakowa, mlangizi wochokera kulikulu, malaya oyera mbee, osafuna n'kukhala pansi komwe. Iye anati, "A Wapampando, SACCO imene yakula kuposa zonse chaka chino ilandira ngolo yodzaza nzimbe."

Malovu a Mvuu anangoti chuu!

"Koma mayina a m'buku sindikuwakhulupiriranso," anatero Kakowa. "Chaka chatha Fisi wa kutsidya analembetsa ndi akumanda omwe. Ndibwera mawa. Mamembala aime pamzere, inu mupatse aliyense moni momutchula dzina, ine ndizichonga. Wosapatsidwa moni sindimuwerenga."

Kakowa atauluka, Mvuu anawerenga mamembala amene anatsala. Anakwana zala za phazi limodzi, iye mwini ali momwemo. Anadzigwetsa pansi, khu! "Mayo, nzimbe zanga!"

"Odi, a Wapampando," anatero Nkhono patsinde pa kauntala.

"Bwerani ma..."

"Ndimati ndikubweretsereni mamembala zikwi zitatu."

Kwa nthawi yoyamba Mvuu anazungulira kauntala, n'kuyang'ana pansi. "Amayi anga! Azakhali anga! Bwanji mwakhala padzuwa chonchi? Zikwi zingati?"

"Zitatu. Nanga nthanga zanga?"

"Tikapambana, amayi, tikapambana. Muyambe mwabwera nawo."

Madzulo Nambewe atadutsa, Nkhono anamunong'oneza kuti, "Mubwere nonse, aliyense ndi njere imodzi ya mawere yolembetsera. Ndipo akakupatsani moni, muyankhe moni wa kwathu, wathunthu. Musasiye ngakhale nkhuku."

Kutacha, mzere wa nyerere unayambira pamkuyu, kudutsa dambo, mpaka kuseri kwa phiri. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kakowa anadzizula nthenga imodzi yolembera. Mvuu anaima kuseri kwa kauntala n'kukuwa kuti, "Moni nonse!"

"Sindinachonge," anatero Kakowa. "Mmodzimmodzi, ndi dzina."

Ali pakauntala sankaziona nyererezo. Anatuluka. Ataimirira sankazimva. Anagwada. Atagwada, mpweya wa m'mphuno mwake unauluza mamembala khumi ndi awiri, n'kuyamba kuwafunafuna m'udzu. Pomaliza anagona chafufumimba, chibwano pafumbi, akupumira kumbali.

"Mwadzuka bwanji, mayi... ee..."

"Nambewe."

"Mayi Nambewe."

"Ndadzuka bwino, kaya inu a Wapampando? Kunyumba adzuka bwanji? Nanga ana? Chifuwa cha amayi chija chinatha? Tinamva kuti apongozi anu anathyoka dzino."

"Wotsatira!"

"Moni wodula pakati sindiwerenga," anatero Kakowa, osadzutsa n'komwe mutu.

Mvuu anafotokoza za chifuwa, anafotokoza za dzino. Anabwera Nankhoma, za chifuwa, za dzino. Anabwera Nakwenda, za chifuwa, za dzino. Ina anaitchula kuti Nasimango, koma inali Nangondo, ndipo inakwiya n'kukaima kumapeto kwa mzere kuti adzayambirenso.

Dzuwa linafika paliwombo. Khungu la Mvuu linayamba kung'aluka, thukuta lofiira chuchuchu. "Ndikangoviika thupi pamtsinje pang'ono..."

Nkhono ali pamthunzi anati, "Nzimbe, bambo, nzimbe."

Mvuu anagonanso pafumbi. Loweruka linatha. Lamulungu linatha. Lolemba masana nyerere yomaliza, Nangondo wokwiya uja, inalandira moni wake. Mawu a Mvuu anali atatha, nsagwada zitakana kutsekeka. Kumwamba mitambo inali bii, mphepo ikununkhira mvula.

"Mwapambana," anatero Kakowa. Ngolo ya nzimbe inafika, gudugudu, ndipo Mvuu anayamba kuikwawira.

"Pepani alangizi," anatero Nkhono, "ndifunseko ine wosaphunzira. Nzimbezi ndi za wapampando kapena za SACCO?"

"Za SACCO."

"Nanga SACCO ndi ya yani?"

"Ya mamembala."

"Poti mamembala tonse tili pano, ndipo inu mwatichonga, bwanji tingochitiratu msonkhano?"

Mvuu anatulutsa kamawu kosasa. "Voti yanga ndi yolemera! Taonani thupili!"

"Membala mmodzi, voti imodzi," anatero Kakowa.

Mvuu anathamangira kuseri kwa kauntala kukafuna mabanzi oti agawe. Anapeza thumba lokha. Anali atawadya yekha Lachitatu lija, pamene Nkhono ankaodira.

Anavota. Kakowa anachita kuchenjeza nyerere kuti aliyense akweze mwendo umodzi wokha, osati isanu ndi umodzi. Anagwirizana kuti nzimbe zigawidwe mofanana, kauntala idulidwe miyendo, bokosi la madandaulo lichoke pansi pa phazi, ndipo pampando pakhale Nkhono. Gawo la Mvuu linali kachidutswa konga njere ya mpunga. Anakaponya m'kamwa, n'kusowa pakati pa mano. Mpaka lero akukafunabe ndi lilime.

Koma tamverani ichi, chifukwa ine ndi chimene ndimakonda. Nkhono sanamuchotse m'kaundula. Anamuuza kuti, "Bambo Mvuu, ndinu membala ngati aliyense. Mukafuna mbewu zanu, bwerani lero." Ndipo Nambewe, poona mmene khungu linang'alukira, anamufunsa kuti, "Mwaswera bwanji, bambo? Mwamwa madzi?"

Mvuu atangomva moni winanso, anathawa liwiro, n'kudziponya mumtsinje, phava! N'chifukwa chake masana amakhala m'madzi, maso okha ali kunja, kuopa kuti wina amupatsa moni. Mukamuona akuyasamula, si tulo ayi, ndi nsagwada za tsiku lija. Nyerere nazo, kaziyang'aneni panjira. Zikakumana zimaima, kugundanitsa mitu, kufunsana za kunyumba, katundu ali pamutu.

Nthanga khumi zija nyerere zinasenza, ndi mwini wake yemwe, ulendo wa masiku awiri n'kuutha dzuwa lisanalowe. Zinakumba, zinabzala, zinakwirira. Nthanga yomaliza itangolowa m'nthaka, mvula inati waa! Chaka chimenecho ana a Nkhono anadya nkhwani mpaka zigoba kuwathina.

SACCO inakula. Fulu anabwerera, Gologolo anabwerera, ngakhale mtedza wake wina akuufunabe. Aliyense ankalandiridwa ndi dzina, wotopa ankapatsidwa mthunzi. Vuto linatsala limodzi lokha: wapampando anali nkhono. Kuchoka pampando kukafika pankhokwe, theka la tsiku. Ndiye mukandiona ndapita ku SACCO m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka ndikumwetulira, musandifunse zambiri.

Ndipo poti amalume akundiyang'ana chonchi, ndiulule ndekha asanandiulule. Chaka chino anandisankha kuti Lachitatu ndizithandiza kulandira anthu patebulo. Sabata yatha kunabwera mayi wina wochokera kuseri kwa phiri, fumbi mpaka m'mawondo, ine ndili pakati pa mandasi. Pakamwa panga panatuluka pokha kuti, "Bwerani ma..." Nditayang'ana pansi, pamwendo wa tebulo panali nkhono, nyanga zili njo, ikundiyang'ana. Ndinameza mandasi osatafuna, n'kuwapatsa mayiwo mpando wanga.

Nthano yalowa m'chigoba chake, yathera pompo. Kaphuleni mbatata zisanapserere. Koma amene wadya mtedza wambiri kuposa umene wasenda, mbatata yake abwere mawa.