Madengu a Mtedza a Nachisale

Kalekale, milatho isanabwere, kunali mayi wamasiye dzina lake Nachisale. Munda wake unali tsidya lina la mtsinje, nyumba yake ili pamwamba pa phiri.

Chaka china anakolola mtedza madengu khumi ndi awiri. Mwa amenewo, anayi anali a mbewu. Akachepa pamenepo, munda ugona, ana agona ndi njala.

Anatuta madengu aja mpaka pa doko. Madzi anali odzaza, Mvuu ali momwemo.

"A Mvuu, ndiwolotseniko."

"Ndikuwolotsani, mayi. Koma theka ndi langa."

"Theka? Kodi munalima nawo?"

"Ayi. Kodi inu mumasambira?"

Nachisale anaona madzi, anaona madengu, nati, "Tengani."

Mvuu anamuwolotsa, natenga madengu asanu ndi limodzi. Sikuti mtedza amaukonda, koma za ena zimakoma.

Patsinde pa phiri, miyendo inakana. Nyani anali khale pa mwala.

"A Nyani, ndisenzereniko."

"Ndisenza, mayi. Tikafika, tigawe patatu, gawo limodzi langa."

Nachisale anawerenga zala. Madengu asanu ndi limodzi, kugawa patatu, awiriawiri. Nyani awiri, iye anayi. Mbewu yakwana.

"Chabwino," anatero.

Anakwera, anakwera, anakwera. Atafika pakhomo, Nyani anayamba kudzikokera. Limodzi. Awiri. Atatu. Anayi.

"Iii, a Nyani! Manja amenewo akupita kuti?"

"Ndinali mumtengo, mayi. Ndinaona madengu khumi ndi awiri. Kugawa patatu, anayianayi. Masamu ndimawadziwa ine."

"Koma mwasenza asanu ndi limodzi."

"Ine ndikunena zokolola zonse."

Nachisale anakhala pansi. Madengu awiri okha! Ana anali pakhomo, maso ali pa amayi awo. Misozi inafika, koma anaibweza.

Kenaka anati, "Mwanena zoona, a Nyani. Tigawe zonse. Koma munthu sagawa zomwe palibe. Ena aja ali kwa a Mvuu. Pitani mukawatenge, tiwunjike pamodzi, mutenge anayi anu."

Nyani anatsika phiri akudumpha. Anafika pa doko.

"A Mvuu, ndabwera kudzatenga madengu aja."

"Mwati chiyani, achimwene? Senderani pafupi."

Mvuu anayasamula. Anayasamula, anayasamula, mpaka Nyani anaona kumene kunalowera mtedza uja.

"Ayi, ndimangopereka moni."

Anakweranso phiri mwakachetechete, mchira uli pansi.

"Madengu aja ali kuti, a Nyani?"

"Ndaganiza bwino m'njiramu, mayi. Tingogawana omwe alipowa."

Anatenga awiri. Nachisale anamuwonjezera mtedza wodzaza manja, chifukwa phiri lija analikweradi kawiri. Mvula itagwa, anadzala munda wonse mpaka m'malire.

Tsono iwe mdzukulu wanga, pa mayeso akowo adzakufunsa zomwezi, angosintha mayina. Adzati wina watenga theka, wina watenga gawo limodzi mwa atatu la zotsala. Usathamangire kugawa. Yamba wafunsa kuti, kodi pano patsala zingati? Ukagawa zomwe zinapita kale, udzatsika phiri ngati Nyani, ndipo wochonga mayeso amayasamula kuposa Mvuu.

Nthano yanga yathera pomwepo, yonse, osati theka.