Chigamba cha Njinga pa Firiji ya Apongozi

Pa Kachulu panalibe munthu wokayika manja a Makisoni. Njinga ikathyoka masipoko itasenza madengu a matemba, wakabaza likamuphwera tayala pakati pa ulendo, onse ankathera pamthunzi pomwe iye ankakonzera njinga. Ntchito ankaigwira ngati akuthamangitsidwa, ndipo anthu ankamukondera changu chomwecho. Kwa zaka makumi awiri panalibe chitsulo chimene chinamutsutsa, choncho mtima wake unazolowera kuti chinthu chikavuta, mankhwala ake ndi hamala.

Kumudzi komwe anali mkamwini kunali chinthu chimodzi chokha chimene anali asanachigwirepo: firiji yoyera imene inkaima pabalaza. Inali ya apongozi ake, mayi Malita, amene ankadwala shuga. Mwana wawo Lloyd anaitumiza kuchokera ku Joni pamodzi ndi mapanelo a sola ndi mabatire, kuti mankhwala obaya a mayi ake azikhala pozizira. Anaiika m'nyumba ya Makisoni ndi mkazi wake Agnesi chifukwa ndiyo inali yamalata komanso yotsekeka bwino.

Kwa miyezi ingapo firijiyo inkadandaula mwakachetechete. M'chipinda chake chapamwamba, chija chimaumitsa nyama, ayezi ankakula tsiku ndi tsiku ngati chulu. Agnesi atanena kuti mwina pali vuto, Makisoni anamuseka, nati ayezi wambiri ndiye umboni woti firiji ndi yamphamvu.

Nkhani inafika pampondachimera Lachisanu lina la mwezi wa Okotobala. Mawa lake linali tsiku la chinkhoswe cha mwana wawo Pilirani, ndipo akuchimuna ankabwera gulu kuchokera kwa Kuntumanji. Mbuzi inaphedwa m'mawa, nkhuku zinasosoledwa, koma atatsekula firiji anapeza kuti ayezi wadzaza mpaka malo otsala ongokwana nkhonya imodzi.

Agnesi anaimbira foni mng'ono wake Elenala, amene anaphunzira zokonza mafiriji ndipo ankagwira ntchitoyo m'tauni ya Zomba. Elenala anati vutolo ndi laling'ono. Azule pulagi, asiye chitseko chotsekula, aikemo poto wa madzi otentha, akazizira asinthe ena, ndipo pakatha maola awiri ayezi adzagwa yekha. Mankhwala a amayi awakulunge m'nsalu yonyowa, awaike mumtsuko pamalo ozizira. Nyama aiwaze mchere, aiphimbe pamthunzi.

"Koma achemwali, chonde, mpeni kapena chitsulo chisayandikire," anatero Elenala. "Kuseri kwa ayeziyo kuli timapaipi topyapyala ngati chikopa cha anyezi. Alamu muwauze."

Agnesi anachita zonse, nawuza mwamuna wake mawuwo osasiyako, kenako anasenza mpunga kupita kuchigayo.

Makisoni anatsala yekha pabalaza. Madzi ankadontha m'beseni, tho, tho, tho, ngati munthu wosafuna ulendo. Kunja dzuwa linkakwera, malata ayamba kulira ndi kutentha, ndipo ntchentche zinali zitamva kale za nyamayo. Anakhala pansi, anadzuka, anasuzumira. Ayezi anali chikhalire. Mumtima anati mlamu wake ndi mwana wadzulodzulo, wophunzira za m'buku. Ntchito ya mphindi khumi munthu angaidikirire maola awiri? Anatenga sikuludiraiva ndi hamala yaing'ono.

Zibenthu zoyamba zinagwa bwino kwambiri, ndipo Makisoni anayamba kuimba mluzu. Atafika pakona pomwe ayezi anagwira zolimba, anawonjezera mphamvu pang'ono chabe. Pomwepo panamveka psss, ndipo kamphepo kozizira kanamuwomba padzanja, kakusiya timadontho ta mafuta.

Mluzu unatha. Komabe kulira kumeneko sikunali kwachilendo m'makutu mwake, poti ankakumva tsiku lililonse pantchito. Ponchala ndi ponchala, anadziuza. Anapukuta pabowopo, anapala, anapaka guluu, namatapo chigamba cha chubu cha njinga, chozungulira bwino ngati ndalama yachitsulo. Atabwezera pulagi, getsi la m'kati linayaka, injini kumbuyo inayamba kung'ung'udza. Analongedza nyama yonse, natenganso mankhwala mumtsuko muja kuwabwezera m'firiji.

Agnesi pobwera anadabwa kuti ntchito yatha msanga. Makisoni anangoti ayezi wagwa yekha, maso ali kwina.

Chakumadzulo, pabwalo pali piringupiringu wa amayi opeta mpunga ndi abambo ozika mitengo ya chisakasa, anazemba nalowa m'nyumba. Anapisa dzanja m'firiji: munali mongozizirira ngati m'mphika wa dzulo. Anagwira injini kumbuyo, inamuwotcha chala, ndipo inkalira osapuma. Apa mpata wonena unalipo, nambala ya Elenala inali m'foni ya mkazi wake panja pomwepo. Koma anaganiza za anthu onse aja akumva kuti Makisoni waboola firiji ya apongozi, nasankha kubisa. Anapotokola kabatani kowonjezera kuzizira mpaka kumapeto, natseka chitseko, nati pofika mawa zikhala zitagwira.

M'mawa fungo ndilo linayamba kulankhula. Agnesi atatsekula chitseko anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno ndi chitenje. Nyama inali itasintha mtundu, madzi ake akuyenderera pansi, ndipo injini inali zii. Anayang'ana mwamuna wake, kuyang'ana kwa munthu amene wayamba kumvetsa.

Elenala anatsika minibasi yoyamba atavala zachinkhoswe. Atamva, anavula nsapato, anamanga chitenje pamwamba pa diresi, nagwada pafirijipo. Sanafulumire. Anazula pulagi, anagwira injini, anainunkhiza, anaunika m'kati ndi tochi ya foni pang'onopang'ono, kona ndi kona, mpaka kuwala kunaima pa kachigamba kakuda.

"Alamu," anatero osatembenuka, "firijiyi yayamba liti kuyenda pa matayala?"

Panalibe amene anaseka. Elenala anatenga pepala, analipanitsa ndi chitseko, nalikoka. Linasololoka popanda chogwira. Anafotokoza kuti matenda oyamba a firijiyo anali amenewo basi: labala wa m'mphepete mwa chitseko anali atafooka, mphepo yotentha inkalowa usana ndi usiku, ndipo chinyezi chake ndicho chinkasanduka ayezi. Anawaonetsanso fumbi ndi ukonde wa akangaude pa mapaipi akumbuyo, nati firiji yokanikizidwa kukhoma imabanika ngati munthu wofunda bulangete mu Okotobala. Zonsezo zinkangofuna nsalu, madzi ofunda, labala watsopano ndi kuisuntha pang'ono.

Za bowolo anati gasi woziziritsa firiji, amene anathawira pamenepo, si mpweya wa pampu, chigamba cha njinga sichingamugwire. Ngakhale zinali choncho, Makisoni akanazimitsa nthawi yomweyo n'kumuuza, iye akanatseka bowolo n'kuthiramo gasi wina. Koma injini inasiyidwa ikulira yopanda gasi, ikumeza madzi kudzera pabowopo, mpaka inapsa.

Mankhwala a mayi Malita anali ofunda m'manja. Agnesi anaimbira namwino wa pachipatala chimene amayiwo ankalandirako, ndipo iye anati asawakhulupirire, wina apite msanga akatenge ena.

Makisoni anapita yekha kunyumba ya apongozi ake. Anagwada patali, monga mkamwini achitira, nanena zonse: hamala, chigamba, ndi bodza limene anauza mkazi wake. Mayi Malita anamvetsera akuyang'ana pansi.

"Nyama ndi ya alendo, bambo, adya zina," anatero. "Kuboola n'kulakwa kwa dzanja, aliyense zimamuchitikira. Koma munaona kuti sikuzizira, inu n'kukhala chete, mankhwala anga ali momwemo. Mukanandiuza dzulo."

Mawuwo anali ochepa, koma Makisoni anawasenza ulendo wonse. Anapalasa njinga kupita kuchipatala mumsewu wafumbi, dzuwa likuswa mtengo, pa tsiku limene anayenera kukhala pampando wa bambo wa mwana atavala jekete. Pobwerera, mankhwala atawakulunga m'nsalu yonyowa, anapeza ankhoswe atapatsana kale nkhuku, nyimbo zitaimbidwa, Pilirani ataonetsedwa kwa akuchimuna popanda bambo ake. Mwanayo anamupatsa moni mwaulemu, koma maso ake anali ofiira.

Amayi a pamudzipo anali atathamangira kudoko kukagula nsomba m'mawa muja, choncho alendo anadya mpunga wa milamba ndi nyemba, ndipo anayamikira monga alendo achitira. Mkulu mmodzi yekha wa kwa Kuntumanji ndiye anaima pafupi ndi chikopa cha mbuzi chimene anachikhomera kuseri kwa nyumba, nafunsa mofatsa ngati kuno mbuzi amaipha chifukwa cha chikopa. Funsolo linafika padoko lisanalowe dzuwa, ndipo pa Kachulu nkhani ikafika padoko ndiye kuti yafika paliponse.

Injini ina inatenga miyezi iwiri kuti ipezeke. Nthawi yonseyo mankhwala ankasungidwa m'firiji ya pagolosale ina pamsika, ndipo wokawatenga anali Makisoni, m'mawa ndi madzulo, mvula itayamba, matope akugwira matayala. Palibe anamutuma, anadzipatsa yekha ntchitoyo. Tsiku limene Elenala anabwera ndi injiniyo, Makisoni anatseka ntchito yake, nakhala pambali akumupatsira zida, akufunsa chilichonse ngati mwana wa sukulu. Anaphunzira kuti firiji ikasiya kuzizira umayamba waona pulagi ndi mabatire, kenako chitseko, kenako fumbi lakumbuyo, ndipo kuti chakudya chotentha sichilowamo chisanazizire. Zimene zaposa apo umaitana mwini ntchito.

Munthu amene anakana kudikira maola awiri anayenda miyezi iwiri, ndipo chinkhoswe cha mwana wake sichidzabwereranso kuti akakhalepo. Manja ake anali aluso ndithu, palibe angatsutse. Chimene chinasowa tsiku lija ndi chija akuluakulu anachiona kalekale: kuona maso a nkhono n'kudekha.