Mkanda Wotsala M'mimba mwa Mkuntho

Alhaji Mdoka anafika kwa Shehe Twaliki tsiku Lachitatu, titangotuluka kumene mu swala, pemphero la masana. Kudzanja lamanja anagwira mpeni wophera mbuzi, kumanzere chingwe, ndipo kumapeto kwa chingwecho kunali galu wawo Mkuntho, akuyenda mutu uli pansi. Ine Silaju ndinalipo. Ndinakhala pakhonde pomwepo, ndiye wina asadzakuuzeni mwina.

Shehe Twaliki anali munthu wochepa thupi, wa mkanjo umodzi wazigamba, koma mabuku amene anali m'mutu mwawo ngolo ya ng'ombe zinayi sikanawanyamula. Anthu ankachokera ku Nkhotakota wapansi kudzafunsa funso limodzi lokha, n'kubwerera okhutira. Tsikulo anali pansi, akudula mbewu ya chinangwa ndi kachikwanje kobuntha.

Za galuyo ndikuuzeni bwino, pakuti anachokera m'manja mwanga. Kuno kunsi kwa phiri la Chikala, galu aliyense wanzeru kwawo ndi pakhomo panga. Mayi wake wa Mkuntho, dzina lake Nyundo, anathamangitsa afisi khumi ndi anayi kuchokera pakhola mpaka kukawaolotsa Shire, n'kubwerako dzuwa lisanatenthe. Nyundo yemweyo anamezapo chubu cha njinga yanga chathunthu, moti sabata yonse akati auwe ankangoimba mluzu. Mwana wakeyo ndinawapatsa Alhaji kuti aziwalondera mbuzi, monga chipembedzo chimalolera, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi sanatayepo ngakhale kamwana kambuzi kamodzi.

Tsono Alhaji anabwera kuchokera ku Makka ndi tasibihi, ija ya mikanda makumi atatu ndi itatu yowerengera potamanda Mulungu. Sankaisiya. Pamsika ili m'manja, pamaliro ili m'manja, ndipo ankadziwa kuikhwetcheretsa kuti ndi wakumbuyo yemwe aimve. Dzulo lake kunali sadaka kwa achibale awo. Anadya mpunga ndi nyama ya mbuzi, akatapa kawiri n'kugwirako mikanda ija kuti anthu asaiwale kumene anapita. Atabwerera kwawo anasinza pampando patsinde pa mango, pomwe ankamangirira galu. Podzuka anapeza ulusi wokha.

Alhaji atapereka salamu Lachitatulo, a Shehe anawalozera mkeka, koma Alhaji anangoima.

"A Shehe, funso langa ndi lalifupi. Galu uyu wameza tasibihi yanga ya ku Makka. Ndikuchoka pano ndikukamung'amba pamimba kuti ndiichotse. Chimene ndadzera n'chakuti, chinthu chaulemu chotere chikachoka m'kati mwa galu, chimatsukidwa kangati?"

Ine amene ndinakanyangapo nyalugwe pakhosi ndi manja awiriwa, tsikulo ndinalephera kum'landitsa galu. Galu ndinapereka kale, sanalinso wanga, ndipo Alhaji sanali munthu womutsutsa pagulu. Mkuntho anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

A Shehe anamaliza kudula phesi limene linali m'manja, naliika pamulu. Anawapemphanso Alhaji kuti akhale, ponena kuti khosi lawo n'lokalamba, silitha kuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Alhaji anakhala. Kenako a Shehe anawafunsa kuti mikandayo inali yopangidwa ndi chiyani, ndipo Alhaji anayankha monyadira kuti inali ya fupa la ngamira, osati zapulasitiki zogula pa Ntaja. Anawafunsa ngati ku sadaka kuja ankasamba m'manja asanaigwire. Apo Alhaji anangoyang'ana manja awo. Anawafunsanso kuti galuyo anadya liti komaliza. Alhaji anati galu amadzifunira yekha, ndipo munthu amene anazungulira Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Makka, sangamayende ndi mbale ya galu.

A Shehe anayang'ana nthiti za Mkuntho. Zinkawerengeka munthu ali kutsidya kwa msewu.

"Alhaji, inu munatenga fupa, munalipaka mafuta a mbuzi, n'kuligwetsera pamphuno pa wanjala amene munamumanga nokha. Iyeyu Makka sakudziwako. Anaona chakudya."

Nkhope ya Alhaji inachita mdima. Anafunsa ngati a Shehe akuikira kumbuyo nyama yodetsedwa, kusiya munthu amene anachita Hija ku Makka. A Shehe anayankha modekha kuti malovu a galu ndi odetsadi, n'chifukwa chake tinapatsidwa madzi ndi dothi zotsukira, koma moyo umene uli mwa galuyo mwini wake ndi Mulungu yemwe uja anawapatsa iwo wawo. Anapempha kuti mpeni udikire masiku atatu okha. Anavomeranso poyera kuti za m'mimba mwa galu sanaphunzire, ndipo anati zimenezo akafunsidwe dokotala wa ziweto.

Amene anam'tengera galuyo kwa dokotala ndine, panjinga. Ndinapalasa moti minibasi ziwiri zinatsala m'mbuyo, madalaivala akundikuwiza. Alhaji anatipeza komweko. Dokotala anam'sisita Mkuntho pamimba, nakondwa kumva kuti ulusi sunamezedwe, chifukwa akuti ulusi ndi umene umapota matumbo. Anati mikanda ndi yaing'ono, ndi yosalala, ituluka yokha. Analetsa kum'mwetsa madzi amchere kapena parafini monga amachitira anthu. Anati azipatsidwa phala losakaniza ndi maungu katatu patsiku, azimuona paliponse pamene wadzithandiza, ndipo akayamba kusanza kapena mimba ikatupa, athamange naye. Pabwalo pachotsedwe majumbo, zitsononkho, mabatire akutha ndi china chilichonse chimene galu wanjala angachiyese ndiwo.

Titawafotokozera a Shehe madzulo ake, anangowonjeza chimodzi. Anati katundu wa ku Makka samusiyira wantchito, ndiye ntchito yonseyo aigwire mwini wake. Alhaji anavomera msangamsanga, pakuti analibe munthu womukhulupirira pa mikanda imeneyo.

Abale anga, masiku atatu amenewo sindidzawaiwala. Alhaji Mdoka, mu mkanjo woyera ngati thonje, kutsatira galu pambuyo ndi kamtengo m'manja. Galu akalowa m'chinangwa iwo momwemo, akakhota kuseri kwa khola iwo komweko. Anthu anachokera ku Liwonde kudzaonerera, ena kukwera m'mitengo mpaka nthambi kuthyoka. Phala ankaphika okha, chifukwa ankati wina aliyense alimbitsa, mikanda ichedwa. Anasesa bwalo lonse, ndipo mulu wa majumbo umene anatulutsa unapitirira denga la nkhokwe. Tsiku loyamba inatuluka mikanda isanu ndi inayi. Lachiwiri khumi ndi isanu ndi umodzi. Lachitatu isanu ndi iwiri, basi.

Loweruka masana Alhaji anabweranso kwa a Shehe. Ulendo uno galu analibe chingwe, ankangowatsata pambuyo mchira uli m'mwamba. Koma mpeni uja unali m'chiuno. Anakhala pamkeka osauzidwa, naika pansi kachitini ka mikanda.

"A Shehe, yatuluka makumi atatu ndi iwiri. Umodzi watsalira m'kati, ndipo masiku atatu aja akwana. Tasibihi yopereweza si tasibihi."

Mkuntho, wosadziwa kanthu, anagona pafupi ndi mapazi a mbuye wake.

A Shehe sanafulumire. Anawafunsa kuti masiku onsewa, popanda mikanda, Mulungu ankamutamanda bwanji ikatha swala. Alhaji anati ankawerengera pa mfundo za zala, monga anawaphunzitsira malemu bambo awo. Anawafunsa ngati chiwerengero chinkaperewera. Ayi, chinkakwana. Nanga alipo amene ankamva zala zikulira? Alhaji anayang'ana kumbali, nati palibe. Kenako, osafunsidwa, ananena chapansipansi kuti galuyo wayamba kuwadikira pakhomo m'mamawa uliwonse, ndipo akaona mbale amavina ngati mwana.

"Alhaji," anatero a Shehe, "zaka zisanu ndi chimodzi galu uyu wakulonderani mbuzi, inu osadziwa chimene wadya. Masiku atatu awa mwam'phikira, mwam'sesera pabwalo, mwam'masula pachingwe, simunam'chotse diso, zonsezi chifukwa wasunga chinthu chanu. Ine ndikupempha Mulungu kuti mkanda wotsalawo usatuluke."

Pakhonde panati zii. Ndinamva ngakhale nyerere zikuyenda pamkeka, ndipo makutu anga sanandinamizepo.

Alhaji anam'yang'ana Mkuntho nthawi yaitali. Kenako anasolola mpeni uja m'chiuno, ine n'kudzuka theka. Koma anautembenuza, chigwiriro kutsogolo, nauika pamulu wa mbewu ya chinangwa, nati aona kuti kachikwanje ka a Shehe kanatha kalekale. A Shehe anathokoza, nauyesa paphesi limodzi.

Alhaji anatola kachitini kawo. Atatsala pang'ono kudzuka, anafunsa ndi mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo, mawu a mwana wa madrasa.

"Nanga a Shehe, mkandawo ukatuluka mawa, nditani?"

"Ukatuluka, muutsuke pamodzi ndi inzakeyo kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, ndipo udzayera mpaka kalekale. Limenelo ndi yankho la funso limene munabwera nalo. Koma mbale ya galuyu ilibe kasanu ndi kawiri. Imeneyo muziitsuka tsiku ndi tsiku, ndipo musamaibweze yopanda kanthu."