Nkhope ya Eneles pa Khoma

Bonifasio Dziwani adabwerera kumudzi kwawo, kufupi ndi Kaphuka, chaka chimene boma lidaletsa anthu kupita ku migodi ya ku Joni. Adabwera ndi mabulashi, zitini za penti, ndi mutu wodzaza matchalitchi amene adaona kumeneko, a mazenera aatali ndi makoma ojambulidwa. Koma mkazi wake Eneles adamupeza ataikidwa kale m'manda. Mayiyo sadajambulitsepo chiyambire, choncho nkhope yake idatsala m'maso mwa mwamuna wake basi.

Akhristu a m'mudzimo atapangana zomanga tchalitchi cha njerwa, ntchito adaitula m'manja mwa Bonifasio. Luso adali nalo ndithu, tisamunamizire. Chidamuvuta n'chakuti maso amene adaona Joni adayamba kupeputsa dothi lakwawo. Adasankha malo osalala m'tsinde mwa phiri, kuti munthu akagwada, phirilo lizidzaza zenera la kuguwa.

Apongozi ake, a Magadalena, adabwera iye akuyeza maziko. Adakhala pansi chapatali, nkhope atayang'anitsa kumbali monga mwa ulemu wa chipongozi.

"Bambo, ife tili atsikana tinkachapira pomwepa. Lidali khwawa ili. Lidakwiririka nthawi ya azungu, muja ankatikakamiza kuunda migula. Taonani nsenjerezo, kodi zimamera pouma?"

"Mayi, ku Joni anthu amamanga nyumba zosanja pamwamba pa migodi, pansi pali mphako," adayankha Bonifasio. "Nanji kakhwawa kakufa kale?"

A Magadalena adadzuka n'kubwerera kunyumba. Mkamwini sakangana naye pagulu.

Anthu adaumba njerwa masiku amene kudalibe msonkhano wa chipani, ndipo tchalitchi chidaima, chokongola zedi. Kenaka Bonifasio adatenga mabulashi. Pakhoma la kuguwa adajambula Amayi Maria atabereka Mwana kumbuyo, akutsika phiri lomwelo m'nkhungu ya m'mawa, m'mbali muli minda ya mbatatesi. Nkhope adaikapo ya Eneles. Idamutengera miyezi itatu, ndipo ataimaliza adamva ngati watula katundu. A Magadalena atalowa n'kuona mwana wawo, adalira pamaso pa mpingo wonse. Kuyambira pamenepo Misa sankaiphonya.

Mvula ya zaka ziwiri idadutsa bwino, ndipo Bonifasio ankayenda chonyadira.

Chaka chachitatu, mu Febuluwale, idagwa masiku asanu osakata. Tsiku lachisanulo masana phiri lidalira. Madzi ofiira adatsika ndi miyala, naphwasula migula, nalondola njira yawo yakale. Khoma la kuguwa ndilo lidali pakati pa njirayo. Pamene anthu ankafika, lidali litagona m'matope, ndipo zidutswa za pulasitala zidali zitamwazika mpaka kudambo.

Tchalitchi adamanganso pamtunda, pamene a Magadalena adaloza. Bonifasio adajambulanso phiri, nkhungu ndi minda, zonse zidabwera. Atafika pankhope, dzanja lidaima. Adayesa kanayi, kufufuta, kuyambiranso, koma amene ankatuluka pakhomapo adali mayi wachilendo. Eneles adali atamutula yense pakhoma loyamba lija.

"Mayi, mphuno yake idali yotani?" adafunsa tsiku lina.

"Bambo, kunena sindingathe. Ndinkangomudziwa ndikamuona," adayankha a Magadalena, akupukuta misozi.

Zimamvetsa chisoni: munthu adaiwala nkhope ya mkazi wake, pamene madzi sadaiwale pomwe adadutsa zaka makumi atatu zapitazo. Akuluakulu sadaname, madzi saiwala khwawa.