Kung'ung'udza kwa Pansi pa Pikapu

Amosi, makaniko wa ku Balaka, atamwalira anasiya pikapu imodzi yoyenda m'matope. Imeneyo ndiyo inali munda wa mkazi wake Modester ndi ana. Mng'ono wake, Japhet, ankaiyendetsa, kunyamula chimanga ndi nandolo m'midzi ya kuseri kwa Nsanama, kwawo kwa abale awiriwo.

Malemuyo sanali munthu wochulutsa gaga m'diwa. Akaona ntchito yokhota sankakalipa. Ankangong'ung'udza kukhosi kuti "mmm", kenako n'kumutsina Japhet khutu lakumanzere, kumulozera kunsi kwa galimoto. Japhet anakula akudana nako kung'ung'udzako, ndipo tisabisane, maliro atatha anapumako.

Dzinja lotsatira misewu inakumbika, pikapu n'kumakhula mimba pansi. Japhet anaiwonjezera masipuling'i, n'kuiveka matayala akuluakulu. Tsono galimoto ikakwezedwa chonchi, giyabokosi imapita m'mwamba, difu, yomwe imazungulitsa matayala akumbuyo, imatsala pansi ndi matayalawo, ndipo shafti yolumikiza ziwirizi imapendekeka kwambiri. Mfundo zake, zimene amakaniko amati makolosi, zimazungulira mokakamizika. Mankhwala ake ndi kulowetsa tizitsulo topyapyala mbali imodzi pansi pa masipuling'i, kuti mphuno ya difu igwirizanenso ndi giyabokosi. Japhet ankazidziwa bwino zimenezi, anaziphunzira ndi khutu lomwe lija. Koma anali munthu wa "tiona mawa", ndipo anthu atayamba kuiyamikira pikapu yake yaitali, mawa lija silinafike.

Njira yakumudzi inali ya mabampu okhaokha, kupatula malo amodzi owongoka pamene dalaivala aliyense amapondapo mafuta. M'mbali mwa malo amenewo muli nkhalango ya manda, momwe anagona Amosi. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, Japhet atangofika pamitengo yoyambirira, anamva pansi pa mpando wake: mmm. Mpando unanjenjemera, tsitsi linamuima. Atafika pamabampu n'kuchepetsa liwiro, kunangoti zii. Pobwerera, pamalo omwewo, mawu omwewo.

Anakawapeza alamu ake akuchapa yunifolomu ya mwana wawo wamkulu, Elsie.

"Alamu, achimwene akunditsata," anatero Japhet motsitsa mawu. "Ndikafika pamanda akumang'ung'udza. Zikuwawawa kuti galimoto yawo ili m'manja mwanga."

Modester anafinya malayawo, osamuyang'ana. "Iyayi, bambo a Elsie analibe kaduka. Kaya ndi iwowo, kaya ndi chitsulo, ine sindikudziwa. Koma akati mmm, inu munkatani?"

"Ndinkalowa kunsi kwa galimoto."

"Ndiye lowani, alamu. Ana awa alibe pena pogwira."

Japhet anayaladi thumba pansi pa pikapu. Koma atagona chagada, zitsulo zili pamwamba pake ngati chivundikiro cha bokosi, anamva kuzizira m'mafupa, n'kutulukamo asanagwire sipanala. Ankaopa, ndipo mantha akewo anawaveka mkwiyo. Munthu wakufa azindilamulabe ine? Anapachika kolona pagalasi, nagula sipika yaikulu ku Liwonde. Akamayandikira manda ankakweza nyimbo mpaka zitseko kunjenjemera, anthu olima m'mbali mwa njira n'kumapukusa mitu poona mwano wotere.

Kung'ung'udza kuja sikunaleke. Kunkadutsa pansi pa nyimbo, kukwera ndi msana, kukafika m'mano. Patapita masabata kunayamba kumveka ngakhale asanafike pamanda, ngati mwini mawuwo wayamba kumuchingamira. Ndipo khutu lakumanzere lija linkamutentha tsiku lonse.

Itakwana nthawi yomanga chiliza cha Amosi, abale anatsogola kumanda m'mawa, Modester ndi Elsie ali pomwepo. Japhet ankabwera m'mbuyo ndi simenti ndi mwala wolembedwa dzina la malemuyo. Ataona anthu ataima m'mitengo, manyazi anamugwira, n'kuzimitsa nyimbo. Mawu aja anadzaza m'galimoto monse, aakulu, osapuma. Polowera kumanda panali kumapeto kwa malo owongokawo, ndiye anaponda mafuta kuti zithe msanga.

Mwadzidzidzi kung'ung'udzako kunaleka. Bata limenelo linamuopsa kuposa mawu onse aja.

Kenako kunamveka kuti phwaa. Kolosi yakutsogolo inathyoka, shafti inagwa n'kuzika mutu m'dothi, pikapu inanyamuka kumbuyo ngati yakankhidwa ndi dzanja, n'kukagubudukira m'ngalande. Mwala uja unasweka pakati.

Anthu anamusolola Japhet ali moyo, mafupa onse ali bwino. Bala linali limodzi lokha: galasi linamung'amba khutu lakumanzere. Koma pikapu inali itapindika msana, yosadzayendanso. Bambo wina anatola chidutswa cha kolosi ija, chouma, chakuda ndi kupsa, ndipo aliyense anaona kuti chinayamba kulira kalekale.

Modester sanalire, sanatukwane. Anayang'ana pikapuyo, nayang'ana Elsie, amene sukulu yake inali itagona m'ngalandemo miyendo m'mwamba.

"Anakuuzani, alamu," anatero. "Ulendo uliwonse ankakuuzani."

Japhet anakhala pansi atagwira khutu, akumvetsera, kufuna kuti awamvenso mawu aja ngakhale kamodzi. M'nkhalangomo munali zii. Kaya anali malemu, kaya chinali chitsulo, amene ankamuyesa mdaniyo ndiye ankamufunira moyo. Paja akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.